Ndigona Ndikafuna

Zaka khumi ndi chimodzi ankandigoneka dzuwa lisanalowe.
Kuno ku Sudbury, mwezi wa Julayi,
kunja kudakali mbee, ana akukuwa pabwalo la mpira,
ine ndili gone, mayi wa zaka makumi anayi,
chifukwa ndandanda ya ku ofesi inati: Solange, seveni koloko.
Wobwera sindinkamusankha.
Lero wonunkha fodya, mawa wa manja ozizira
wodziwa nambala ya fayilo yanga koma osati dzina.
Thupi langa linali sitolo ya pamphambano,
aliyense wa yunifolomu ankangolowa osaodira.

Kenako kalata.
Ndalama zija ankapereka ku kampani
tsopano zizigwera mu akaunti yanga:
ndilembe ndekha antchito, ndiwaphunzitse, ndiwalipire.
Ndinaiwerenga kawiri, nditaipanikiza ndi chigongono
poti zala zanga sizigwira pepala.

Musayese ndi uchi.
Ufulu unabwera ndi malisiti.
Ndimawasunga m'chitini cha mabisiketi,
ndipo ikatha miyezi itatu ndimawonkhetsa
malipiro, msonkho, tchuthi,
kamtengo kali kukamwa, ndikugogoda kompyuta
chilembo chimodzichimodzi mpaka nsagwada kuwawa.
Maola sikisi patsiku.
Ndimawadula ngati nyama yochepa alendo atachuluka:
awiri odzukira ndi kusamba, limodzi la masana,
otsalawo ndimabisa, ndi anga.

Tuulikki ndinamulemba chifukwa cha funso limodzi:
"Ndiyambe mwendo uti?"
Panalibe amene anandifunsapo.
Wamanzere, ndinatero,
ndipo ndinalira pang'ono, mopusa, chifukwa cha sokosi.

Wendell ndinamuchotsa.
Sanabe, sanachedwepo, supu wake anali wokoma.
Koma kogula mankhwala, wogulitsa atandifunsa funso,
anayankha ndi iyeyo, dzanja lili pamutu panga.
Ndinamuuza kamodzi. Kawiri.
Kachitatu ndinati Lachisanu ndi lomaliza.
Ndipo madzulo omwewo anandivula nsapato ndi iye,
ali duu, ine maso kudenga.
Ndi bwana wanji wochotsa munthu ntchito
kenako n'kumupempha kuti amutembenuze pabedi?
Ndine.

Mu Febuluwale chipale chofewa chinakwirira msewu.
Galimoto ya Tuulikki inakana kulira.
Panalibenso ofesi yoti ndiimbire atumize wina;
ofesiyo ndi ineyo, nditagona chagada,
chikhodzodzo chili tho,
ndikutchulira foni mayina a pamndandanda wanga.
Woyamba zii. Wachiwiri ali ku Timmins kwa apongozi.
Wachinayi ndiye anayankha,
Baljit, wophunzira unamwino.
Anabwera wapansi, chipale chikulekeza m'mawondo,
nsidze zitauma gwa, ikukwana leveni.
Ndinamulipira mowirikiza,
ndipo mwezi umenewo Lamlungu lililonse linafupika.
Mkulu wanga pafoni anati,
"Bwerera ku kampani, ukuzunzikiranji?"
Ndinamufunsa kuti iye amagona nthawi yanji,
nanga amamuuza ndani.

Dzulo tinakaonera hoke.
Timu yathu inakwapulidwa zigoli zinayi kwa chimodzi.
Tinafika pakhomo pakati pausiku,
mateyala a chikuku atayera ndi mchere wamumsewu,
mawu anga atasasa ndi kutukwana oimbira.
Tuulikki, akuvula chipewa, anafunsa ngati ndigone tsopano.
Ndinayang'ana wotchi.
Pa maola ake panatsala mphindi makumi anayi,
zomwe ndinasungira usiku uno kuyambira Lolemba.

Ayi, ndinatero, teleka ketulo.
Ndikankhire pawindo,
ndione chigalimoto chokokolola chipale chikudutsa
ndi nyale yake yabuluu.
Tiyi akazizira ubweretse fomu ya maola ako,
undiike cholembera kukamwa,
ndisayine.
Ukatero tiyambe wamanzere.